Mkazi wa Nkhope Yobiriwira wa M'kolido Mwathu

Tadala ndi Limbani, mutu uno ndaulemba dala m'Chichewa chokhachokha kuti muvutike nawo. Mwakhala mukundiyankha m'Chingerezi moyo wanu wonse, ndiye pano khalani pansi muziwerenga ndi chala. Mayi anu akuti pa zonse zimene ndalemba m'mitu yapitayi, za ntchito yanga yosankha fodya ku Kanengo, muzichotsera theka. Ndavomera, makamaka pa nkhani ya njoka ya m'belo ija, siinali yaitali ngati basi. Koma mutu uno musachotsepo kanthu. Ndi wa chithunzi chija chili m'kolido mwathu moyang'anizana ndi bafa, mkazi wa nkhope yobiriwira ndi milomo yofiira, chimene munkathamanga mukamachidutsa muli aang'ono. Munandifunsa kambirimbiri chifukwa chake munthu amene wagwira ntchito ya mafelemu a zithunzi zaka zonsezi anapachika chinthu chonyezimira ngati menyu ya m'lesitilanti. Ndinkakuyankhani zabodza, tsiku lililonse bodza lina. Zoona zake ndi izi.

2001 mpaka 2002

Ndinafika ku Toronto ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, koma nzeru zili za mnyamata wa Folomu 2. Anandilandira ndi Anangozo, mayi wa ku Ntcheu amene sanali m'bale wanga ngakhale pang'ono. Kungoti mchemwali wawo ankaimba kwaya imodzi ndi azakhali anga, ndipo kuno ubale umenewo ndi wokwanira kugonera pa sofa ya munthu miyezi isanu ndi iwiri. Ankakhala ku North York, m'nyumba zosanja zija, nsanjika ya 14. Ntchito yawo inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwanyamula kuwachotsa pabedi kuwaika pa mpando, madzulo kuwabwezeranso. Amuna awo anamwalira kale kumudzi. Kumeneko anali atayamba nyumba, makoma atafika pa mawindo, n'kuimira pomwepo.

Dzina lakuti Wailesi anandipatsa ndi iwowo sabata yoyamba yomweyo. "Iwe Wailesi, tatsitsa voliyumu, anthu a pansipa angatiitanire apolisi." Linandikanirira mpaka lero.

Ntchito yanga yoyamba inali ku Oshawa, pa fakitale ina yaing'ono yopanga zitsulo za mipando ya galimoto. Kumudzi ndinalembera kalata yakuti ndikupanga magalimoto. Zenizeni, ndinkawerengera mabauti m'timatumba, asanu ndi atatu kathumba kalikonse. Patatha miyezi inayi anatichepetsa, ine n'kukhala woyamba kutuluka, mwina chifukwa kapitawo anali atatopa ndi nkhani zanga.

Kenako ndinaona pepala pawindo la kashopu kena ka mafelemu a zithunzi, kufupi ndi siteshoni ya sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka. Mwini wake anali a Tibor, nkhalamba ya ku Hungary, yaifupi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Sanandifunse za sukulu. Anangoika mapepala awiri oyera patebulo n'kunena kuti, "Labwino ndi liti?" Ine ndinachita zimene ndinkachita ndi tsamba la fodya. Ndinalisisita pakati pa zala, ndinaliyang'anitsa pa kuwala, n'kulinunkhiza. Ndinati, "Ili ndi giredi wani. Linali lidzasanduka lachikasu." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lolemba, eyiti koloko. Usambe m'manja."

2003

Chaka chimenecho ndi chimene ndinayamba kuona zithunzi zimene zinasokoneza mutu wanga. Bambo wina wa ku Markham anabweretsa pepala lalikulu, nkhope ya woimba wina wotchuka wa ku America, koma nkhopeyo yapinki, tsitsi lachikasu ngati chikasu cha mu mpunga, utoto wa m'maso utadumpha mzere n'kukwera pamphumi. Munthuyo atatuluka ndinati, "Bwana, kwathu mwana wa Sitandade 3 akajambula chonchi amakwapulidwa." A Tibor anandiuza mtengo wake. Ndinakhala pansi, pa bokosi la misomali.

Anandilongosolera pang'onopang'ono, kwa miyezi, uku tikudula magalasi. Amati m'zaka za m'ma 1960 dziko la America linadzaza ndi ma TV, magazini ndi zotsatsa malonda, ndipo nkhope za oimba ndi ochita mafilimu zinkagulitsidwa ngati sopo. Ndiye amisiri ena a ku New York anati, chabwino, ngati nkhope ndi katundu, tiipange ngati katundu. Sankajambula ndi dzanja ayi. Ankatenga chithunzi cha m'nyuzipepala, n'kuchisamutsira pa nsalu yopyapyala yokungidwa ngati sefa, n'kumakankha inki kuti idutse pa nsaluyo igwere papepala, mtundu umodzi nthawi imodzi. Wofiira uume, abwere wobiriwira. N'chifukwa chake mitundu imadumpha mizere. Akatero amadinda mapepala angapo ofanana, mmisiri n'kusaina lililonse ndi pensulo m'munsi, n'kulemba nambala yake, kuti ili ndi lachingati mwa angati.

"Ndiye ndi fotokope," ndinatero.

"Fotokope imene mwini wake anaigwira ndi dzanja," anatero a Tibor. "Ndipo mwini wakeyo sadzagwiranso ina."

Apa ndi pamene ndinamvetsa, chifukwa okushoni ndinkaidziwa. Fodya yemweyo, munda womwewo, koma tsamba long'ambika ndi lathunthu sizipita belo limodzi. Zithunzizi nazo n'chimodzimodzi. Ogula amayang'ana siginecha ya pensulo ija, nambala ija, ngati m'mphepete mwa pepala simunadulidwe, ngati dzuwa silinadye mitundu, ngati wina sanapakeko guluu kumbuyo, ndiponso kapepala kosonyeza kumene chinagulidwa poyamba. Zonsezi zikakhala bwino, anthu a masuti amakalimbirana ku okushoni yawo. Chikakhala chosindikizidwa chabe ku shopu ya mphatso, chopanda pensulo, mtengo wake suposa wa nkhuku. Chinandiseketsa kwambiri n'chakuti munthu wa pachithunziyo akakhala kuti anafa ali wamng'ono, mtengo umakwera. Kwathu munthu akamwalira timagawana malaya ake, kuno amagawana nkhope.

A Tibor anali ouma manja pa zinthu zina. Magolovesi oyera tinali nawo mapeyala awiri basi, ndipo ndinkawachapa ndekha Lachisanu lililonse. Koma pa galasi sankanyengerera. Pali galasi lina lodula limene limatchinga dzuwa kuti lisadye mitundu, ndipo nthawi zambiri linkachedwa kubwera, tinkatha milungu itatu tilibe. Makasitomala ankakalipa pafoni. Ine ndinkati, "Bwana, tiike wambayu, adziwa ndani?" Iwo ankati, "Pepala lidziwa." Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analilemba pa kabolodi pamwamba pa tebulo: usachite papepala chinthu chimene sungathe kuchibweza. Ukamata, mata ndi phala la tirigu limene limachoka ndi madzi. Usadule. Usapinde. Amene adzabwere iwe utafa athe kumasula zonse, apeze pepala lili momwe linabadwira.

Januwale 2004

Nthawi imeneyi n'kuti ndili ndi kachipinda kanga, koma Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkakathera kwa Anangozo, kumwa tiyi ndi kunyozana. Ankabweranso a Daudi, Myao wa ku Mangochi woyendetsa takisi, amene ankati tchalitchi si chawo koma tiyi alibe chipembedzo.

Msana wa Anangozo unali utayamba kuwavuta zedi. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akusamalira gogo wina wachizungu ku Markham, sabuwe ndi mabasi awiri kupita, chimodzimodzi kubwera, ndipo gogoyo sanali wopepuka. Ankavala lamba wamsana mkati mwa diresi, akamadzuka pa mpando ankayamba agwira tebulo. Ankati, "Ndikangofolera nyumba ija, ndapita. Ndikafere kotentha." Gogo uja anamwalira chakumapeto kwa chaka, ndipo anasiya atalemba kuti chithunzi cha kuchipinda kwake apatsidwe Anangozo, poti m'mawa uliwonse akamamupesa tsitsi ankachiyang'ana awiri n'kumachiseka. Ana ake anachipereka mosavuta, anali otanganidwa ndi nyumba ndi mipando.

Lamulungu limenelo ndinachipeza chitatsamira khoma kumbuyo kwa TV, galasi lake litasweka pakona chifukwa chochinyamula m'basi. Nkhope ya mkazi wina wa m'mafilimu akale, yobiriwira, milomo yofiira. Ndinachitenga kuti ndiyambe nthabwala. Kenako ndinaona pensulo m'munsi. Siginecha, ndi nambala. Ndinachitembenuza. Kumbuyo kunali envelopu yomatidwa pa thabwa, mkati mwake muli lisiti yakalekale ya shopu ya zithunzi ya ku New York, yolembedwa pa tayipi. Kapu ya tiyi ndinaiika pansi.

Ndinati, "Amayi, nyumba yanu ya ku Ntcheu ija ndi iyi. Malata, mawindo, simenti, zonse zili apa. Mwinanso mutsala ndi ya mbuzi."

Nyumba yonse inaphulika. A Daudi anatsamwa ndi tiyi. "Wailesi watsegula! Sabata yatha anatiuza kuti anaona gologolo akukwera sabuwe ali ndi tikiti."

"Analidi ndi kapepala kukamwa," ndinatero. "Koma izi ndi zina. A Daudi, ndikulumbira."

"Unalumbiranso za gologolo."

Apa ndi pamene ndinalawa malipiro a munthu wokokomeza. Tsiku limodzi lokha limene ndinali ndi zoona m'manja, panalibe wozigula. Anthu atayamba kuvala majekete, ndinatsalira. Ndinawatsatira Anangozo kukhitchini akutsuka makapu, n'kuwauza zonse, za pensulo, za nambala, za lisiti. Sanaseke. Anapukuta manja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukunena zoona, mwana iwe?"

"Zoona, Amayi. Loweruka ndibwera ndi a Tibor pa vani, adzachione okha. Ndikanachitenga lero, koma kunjaku kukugwa chipale chamadzi ndipo ine ndi wa basi. Inu chisungeni bwino. Galasili lasweka, fumbi lisalowe, madzi asachikhudze. Chisungeni ngati satifiketi yanu ya sukulu."

Mawu amenewo, ana anga, ndawabwereza m'mutu mwanga kuposa pemphero lililonse. Inu munabadwira kapena kukulira kuno, simungamve. Kwathu pepala lili ndi adani: chiswe, mphemvu, denga lodontha, mwana wa manja a mafuta. Ndiye chilichonse chimene munthu akuchilemekeza amakachilaminetsa, kuchitsekera m'pulasitiki yotentha kuti chikhale mpaka kalekale. Satifiketi ya Anangozo inali yolamineta. Khadi lawo la ubatizo lolamineta. Chithunzi cha malemu amuna awo cholamineta. Zonsezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku miyezi isanu ndi iwiri ndikugona pa sofa paja. Yanga yomwe ya Folomu 4 ndi yolamineta. Koma pakamwa panathamanga, mutu n'kutsalira.

Loweruka tinafika cha m'ma 11 m'mawa. A Tibor anali atanyamula magolovesi ndi kagalasi kawo kokulitsa zinthu. Anangozo anatsegula chitseko atavala diresi ya kutchalitchi ndi duku latsopano, patebulo pali mandasi. Anatikhazika pansi, n'kulowa kuchipinda, n'kutuluka atanyamula chinthu chokutidwa ndi thaulo, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Ndakumvera, Wailesi. Lachinayi ndinapempha hafu deyi, ndinapita nacho ku mashopu a ku molo, kwa anthu a fotokope aja. Ali ndi makina aakulu. Anachita bwino zedi, anadulanso m'mbalimu kuti chilingane." Anachotsa thaulo. Chinang'anima ndi kuwala kwa pawindo. Anachigogoda ndi chala, chinalira kuti kho kho. "Waona? Ngakhale mvula ya ku Ntcheu siingachithe."

Nambala ija inali itadulidwa pakati. Siginecha inalipo, itamira m'pulasitiki ngati ntchentche mu uchi.

A Tibor sanavale magolovesi. Anavula magalasi awo, n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, kuwapukuta, kuwapukuta. Kenako anati m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, "Very shiny, madam." Anaimirira n'kunena kuti aiwala kulipira pakingi, ndiwaperekeze.

Mu lifiti ndinati, "Bwana, sichingamatuke?"

"Ayi. Guluu wotentha walowa m'pepala ndi mu inki. Ukakoka pulasitiki, nkhope ibwera nayo."

"Chinali chenicheni?"

"Chinali chenicheni. Chabwino kuposa cha bambo wa ku Markham uja. Gogoyo sanachionetse dzuwa." Lifiti inafika pansi. "Pano palibe angachigule. Uwauza ndiwe kapena ine?"

Ndinawasiya m'vani n'kukwera ndekha. Nsanjika khumi ndi zinayi. Ndakhala ndikuuza anthu kuti lifiti ya m'nyumba imeneyo inkayenda ola lathunthu, koma tsiku limenelo inathamanga. Ndinali ndi njira ziwiri. Kuwauza kuti nyumba yawo anali nayo m'manja, ndipo anaiwotcha okha, ndi ndalama zawo, pa hafu deyi yawo. Mayi amene Lolemba ankayenera kukanyamulanso nkhalamba ina, azikumbukira zimenezo pa kunyamula kulikonse. Kapena kugwiritsa ntchito chuma chokhacho chimene ndinali nacho m'dziko muno, mbiri yanga yabodza. Aliyense akanakhulupirira kuti Wailesi wanamanso. Zikanangonditayitsa mayi amene anandilera ku Canada.

Ndinalowa ndikuseka. "Amayi, mundikhululukire. A Tibor akuti ndi positala chabe, za m'shopu ya mphatso. Pensuloyo ndi yosindikiza. Mukundidziwa ine, ndikaona mbewa ndimati njovu."

Anangozo anali ataimirira pafupi ndi tebulo la mandasi. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine. Anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira tebulo.

"Ndinaimbira mchemwali wanga dzana," anatero. "Ndinati akafunse mtengo wa malata."

Anayamba kukulunga mandasi m'pepala.

"Msana wangawu si woseweretsa. Pitani, a Chikaonda, bwana wanu akudikira. Tengani mandasiwo, ndinaphikira iwowo."

A Chikaonda. Chifikireni ku Canada anali asananditchulepo dzina la bambo anga. M'vani ndinawauza a Tibor zimene ndanena. Anayendetsa mpaka pa maloboti achitatu. Kenako anatenga ndasi limodzi m'pepala muja, n'kuluma, n'kunena kuti, "Lero wachita chinthu chimene sungathe kuchibweza." Sindinadziwe ngati akundidzudzula. Koma Lolemba anandipatsa kiyi wa shopu kwa nthawi yoyamba.

2004 mpaka 2008

Nkhani inafalikira, ndithu. A Daudi ankati akandiona, "Wailesi, kalendala yanga ya chaka chatha ili kunyumba, tabwera uione, mwina ndi ndege." Ndinkaseka nawo. Ndinasiya kukamba nkhani kwa miyezi itatu, ngakhale mayi anu, amene n'kuti asanabwere n'komwe, amati anali masiku atatu.

Anangozo sanandithamangitse. Tiyi wa Lamulungu ankandithirirabe. Koma ndinali "a Chikaonda", ankandipatsa moni ngati wa ku ofesi, ndipo maso awo ankadutsa pambali panga. Mayi anu atafika ndi iwe Tadala mu 2005, ndi Anangozo amene anawaphunzitsa mabasi ndi kogula ufa. Iwe Limbani utabadwa, anakusambitsa ndi iwowo sabata yoyamba, ine akungondiuza kuti, "Bambo a mwana, tapatseni thaulo." Chithunzi chija sindinachionenso pakhoma.

Chimene chinkandipweteka si moni ayi. Vani ya shopu inkandidutsitsa pa siteji ya basi ya kwawo m'mawa, ndipo ndinkawaona ataima m'chisanu, dzanja lina pa mtengo wa siteji, lina pamsana. Anapeza gogo wina, kenako wina. Zaka zisanu. Ndikaima kuti ndiwatenge, nthawi zina ankakwera, n'kukhala chete njira yonse, nthawi zina ankangokweza dzanja kuti pitani.

A Tibor maso anayamba kuwavuta, ndipo mu 2007 anagulitsa shopu. Pochoka anandipatsa chodulira magalasi chawo ndi galasi limodzi lotchinga dzuwa lija, lomaliza, lokutidwa m'bulangete. Anati, "Usaliike pa zachabechabe." Mwini watsopano ankamata chilichonse ndi guluu wa makina, sitinamvane. Ntchito nayo inachepa, anthu atasiya kugula zokongoletsa makoma. Ndinapita ku Markham, ku kampani ina yopachika zithunzi m'maofesi, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Za kumeneko ndi mutu wina.

Ogasiti 2009

Nyumba ija inafoleredwa, pang'onopang'ono, lata limodzi limodzi, zipinda ziwiri m'malo mwa zinayi zimene anajambula poyamba. Anangozo anagula tikiti yongopita. Anatuma mayi anu kuti andiuze ndikawakhomere bokosi lamatabwa la katundu wa pa sitima. Ndinapita Loweruka masana ndi matabwa anga. Nyumba inali mbee, makatani atachotsedwa. Ndinkakhoma, iwo akupinda zovala. 

Kenako anatuluka kuchipinda ndi thaulo lomwe lija.

"Ichi sichilowa m'bokosi. Tenga ndiwe, Wailesi."

Hamala inandigwa m'manja. Zaka zisanu ndisanamve dzina limenelo pakamwa pawo.

"Amayi, positala imeneyi ine ndikaitani nayo?"

"Tasiya zimenezo. Watopa nalo bodzali, nanenso ndatopa nalo." Anakhala pa bokosi. "Ine ntchito yanga zaka makumi awiri yakhala yowerenga nkhope za anthu osatha kulankhula. Gogo akafuna kuchimbudzi ndimaonera pa nsidze. Ndiye mzungu wako uja, kupukuta magalasi oyera kale mpaka kufuna kuwaboola, umati sindinaone? Munthu sapukuta magalasi choncho chifukwa cha positala. Musanafike pansi pa lifiti n'kuti nditadziwa kale chimene ndachita."

"Ndiye munadziwa tsiku lomwelo?"

"Komanso iwe ukamanama umakuwa, manja uku ndi uku ngati wapolisi wa pamsewu. Lamulungu lija kukhitchini unkanong'ona. Wailesi wonong'ona ndinali ndisanamuonepo, n'chifukwa chake ndinakukhulupirira. Loweruka unalowa ukukuwa."

Ndinakhala pansi, pa simenti. Ndinati, "Ndine ndinanena za satifiketi, Amayi. Ndikanangotseka pakamwa."

"Unati ndisunge. Ndinasunga momwe ndimadziwira. Nawenso unandisunga momwe umadziwira, ndi bodza, poti ndi chida chokhacho chimene Mulungu anakupatsa."

"Nanga bwanji zaka zonsezi, a Chikaonda, a Chikaonda?"

Anayang'ana kuwindo. "Chaka choyamba ndikakuona ndinkaona malata. Sindinkatha. Zinali za ine, osati za iwe. Kenako ndinaona kuti ndikakuuza uyamba kundimvera chisoni, ndipo chisoni cha munthu wolongolola n'cholemera kuposa gogo wa ku Markham. Ukanabwera tsiku lililonse kudzapepesa. Ndinati bola azinyamula bodza lake, likumukhalanso bwino, wayamba kuoneka ngati munthu wamkulu." Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya thaulo. "Koma ndinatalikitsa. Pamenepo ndinalakwa, mwana wanga. Sindingakwere ndege usakudziwa kuti ndinaona zimene unandichitira."

Ine amene ndinayankhapo wapolisi wa pa bodala mpaka iye kupepesa, ndinasowa mawu. Ndinangogwira chithunzicho. Iwo anati, "Ee, Wailesi wathima. A Daudi akanakhalapo akanajambula. Tamaliza bokosilo, ukulikhoma mokhota."

Sabata yotsatira ndinatulutsa galasi la a Tibor m'bulangete muja. Ndinapanga felemu ya mtengo wabwino, ndi manja anga, n'kuika pulasitiki ya ku molo kumbuyo kwa galasi lodula kuposa onse amene ndinagwirapo. Ndinapita nacho kwa a Tibor kukawaonetsa. Anachiyandikiza kumaso, anachigogoda ndi chala, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anati makona ndadula bwino.

Anangozo anakhala m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri zaka zokwanira kudzala mapapaya n'kudya zipatso zake. Ankandiimbira pa Khirisimasi, ndipo mawu oyamba ankakhala akuti, "Mkazi wathu wobiriwira ali bwanji?" Ndinkati wanenepa.

Tadala, ndikudziwa kuti tsiku lina unaona siginecha ija n'kukafufuza pa intaneti, chifukwa unabwera kukhitchini maso ali pamtunda, ine n'kukuuza kuti ndinasaina ndine. Tsopano wadziwa. Ndikadzapita musadzavutike kupita nacho kwa anthu a masuti, adzangokupukutirani magalasi. Mmodzi wa inu adzachitenge, adzachipachike pamene pali anthu, kukhitchini kapena pamene ana akudyera. Galasi likadzasweka musadzade nkhawa. Anzake onse amene anadindidwa naye tsiku limodzi ali m'zipinda zamdima, akugwiridwa ndi magolovesi. Wathuyu yekha ndi amene mungamupukute ndi kansalu konyowa.